Dzina la Mkazi Wina Pansi pa Nyanja

Ndinalota ndikuchapa malaya a amuna anga, a Chikuse, m'bafa la kunyumba kwathu ku Chinamwali. Nditafuna kutaya madzi, madziwo anakana kutuluka, m'malo mwake ena anayamba kulowa. Anali amchere. Anakwera mpaka kudenga, ndipo nditatsegula chitseko kuti ndiwaonetse njira, kunja kunalibenso khonde. Kunali pansi pa nyanja yamchere, kumene a Chikuse amagwira ntchito.

Sindinadabwe. Ndinangomanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba kuyenda, chifukwa ndinali ndi nkhani yanga.

A Chikuse amakwera sitima ya kafukufuku ku Nacala, n'kumatsitsa kamera pansi pa nyanja kuti aone zamoyo zimene zatsala m'malo amene makoka a sitima zikuluzikulu amakokolola. Akapeza chamoyo chimene munthu sanachionepo, mwambo wa ntchito yawo umawalola kuchitcha dzina la munthu amene amukonda. Chaka chatha anachipeza. Ine ndinali nditauza kale amayi a kumpingo kuti dzina langa likupita m'mabuku a asayansi. Iwo anachitcha Felista, dzina la mayi amene amagwira naye ntchito pasitimapo. Anati poti ndiye anayamba kuchiona pakanema. Ndinawaombera m'manja, koma nsanje inandigwira, ndipo sindibisa, ilipobe.

Pansi pa nyanja panali ngati munda umene thirakitala yagaula kenako mwiniwake n'kusamuka. Paliponse panali mizere ya makoka ndi zigoba zophwanyika. Nkhanu ina inkasesa pabwalo pamene panalibe nyumba. Ndinaifunsa njira ya kwa Felista. Inandilozera ndi dzanja lake lalikululo, n'kunena kuti kumeneko ndi kwa amwayi, makoka safikako.

Ndinayenda mpaka ndinapeza chingwe chachikasu chitayalidwa pamatope. Tsidya la chingwecho zonse zinali zamoyo. Udzu wa m'nyanja unali wowirira, nsomba zinali zonenepa ndipo zinkayenda mosathamanga, ana awo ali pambuyo. Malowo anawatseka kuti pasaphedwe nsomba, chifukwa cha chamoyo chosowa chija. Ndinaima n'kumayang'ana, mtima ukuwawa. Dzina la mnzanga analimangira mpanda, pamene langa limatchulidwa pofunsa kumene kuli masokosi.

Pamalirepo panakhala malume anga a Jailosi, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Tinawaika m'manda kalekale ku Mayaka, koma anali atavala jekete lawo lomwe lija, chipewa chili pabondo, tinsomba tikulowa ndi kutuluka m'matumba mwawo.

"Mwabwera ndi mlandu, Elube?"

"Ndabwera nawo, malume."

Anati akhala akundidikira, poti mlandu suola. Anatinso nkhani ya banja sazengera mbali imodzi, koma pakuti a Chikuse ali pamwamba pa madzi, amene angayankhe ndi mwini dzina. Anandidumphitsa chingwe n'kunditengera pa kadzenje kena.

Ndinkayembekezera chinthu chokongola, cha mawangamawanga, choti ndikachiona ndinene kuti chabwino, ndagonja. Ndinapeza nyongolotsi yotuwa, yaitali ngati chala, yopanda maso, kumutu kuli timaubweya ngati ndevu za chimanga. Amati ukaipa dziwa nyimbo, koma iyi ngakhale nyimbo inalibe. Apa ndiye nsanje inakula. Ngakhale chinthu chonyansa chotere anandimana.

"Takulandirani, mayi," inatero nyongolotsiyo. "Ndine Felista."

Ndinaiuza kuti isandiyankhule ngati tinadyera limodzi. Iyo sinakwiye. Inafotokoza kuti yakhala m'matopemo kuyambira kale yopanda dzina, ndipo inkagona bwino. Tsopano nyengo iliyonse kumatsika kuwala, ndipo a Chikuse amaiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Amaiyeza ngati yakula, amafufuza ngati ana ake akuchuluka, ndipo madzi akatentha pang'ono iwo sadya. Ndinaifunsa ngati amanena kalikonse poiyang'ana. Inati amanena kuti taonani kukongola.

Mawu amenewo ine ndinawamva komaliza mwana wathu Tadala asanabadwe. Ndinapempha malume kuti dzinalo lichotsedwe, paikidwe langa.

Malume anapukusa mutu. Anati dzina likalowa m'mabuku silichoka, koma malo amasinthana. Ngati ndikufuna kuti a Chikuse azindiyang'ana choncho, ndilowe m'dzenjemo, nyongolotsi ipite kumtunda ikapume.

"Koma mudziwe ichi, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Wolowa m'menemo satuluka mpaka wapamwambayo atamutchula dzina."

Ndinaseka. Munthu amene ndamuphikira, ndamuberekera, ndamudwazika malungo, angalephere kunditchula? Ndinavomera pomwepo. Nyongolotsi inatuluka, inathokoza malume mwaulemu, n'kuwoloka chingwe osacheuka. Ine ndinaika mwendo m'dzenje, ndipo dzenjelo linandikwana ndendende. Matope anali ozizira ndipo anandifika m'khosi.

Ndinadikira. Nsomba zinkadutsa n'kumandipatsa moni wa mwini malo, ndipo ndinayamba kumva kukoma. Ndinakonza duku, ndinapukuta matope pamasaya.

Kenako kuwala kunatsika. Inali kamera ija, itamangidwa pa chitsulo cha miyendo, kutsogolo kuli kathumba ka nsomba zosinja kokopera zamoyo. Inatera patsogolo panga penipeni. M'galasi lake munali diso la a Chikuse, lofiira pang'ono ngati mmene limakhalira akachedwa kugona. Mawu a pasitima ankatsika ndi chingwe cha kamerayo, ndipo ndinamva mayi wogwira nawo ntchito uja akufunsa kuti chili padzenjecho n'chiyani.

Disolo linandiyang'ana. Ndinamwetulira ngati tsiku la chinkhoswe. Ndinati ndinene kuti bambo a Tadala, ndine, koma m'kamwa munangotuluka thovu. Sindinade nkhawa, poti nkhope yanga inali poyera, kuwala konse kuli pa ine. Ndinaona diso lija likuchoka pankhope panga, likufufuza kumanzere, kumanja, kuseri kwa khutu langa.

"Felista palibe," anatero a Chikuse.

Mayi uja anafunsanso za chimene chili padzenjecho, ngati n'choyenera kuchiyang'anitsitsa.

"Ichi timachidziwa kale. Kwezani kamera, tikafunefune kwina," anayankha a Chikuse.

Kuwala kunanyamuka pang'onopang'ono, nsomba zikukutsatira chifukwa cha kathumba kaja. Malume anavala chipewa. Anagwada n'kuyamba kukulunga chingwe chachikasu padzanja, ndipo nditawafunsa ndi maso, anati pakuti chosowa chachoka, malowa atsegulidwa. Anandipepesa kuti chigamulo ndi chomwe ndinavomera, iwo sangachisinthe. Anati nditsale bwino, n'kumapita.

Chapatali ndinamva chitsulo chikukhukhuluzika pamatope. Anali makoka, ndipo ankabwera molunjika.

Anthu amati ukalota zoopsa umadzidzimuka. Ine sindikudzidzimuka. Ndili m'dzenjemo, maso ali kumwamba, ndikudikira kuti amuna anga anditchule.