Dzimbiri pa Sowo ya Bambo Malizani

Bambo Malizani a ku Kawale anasiya ukalipentala maso atayamba kuwavuta. Zida zawo zinkangokhala m'thumba kuseri kwa bafa, mvula n'kumazichezera chaka ndi chaka. Koma mu 1996, dokotala atawakokera pambali n'kuwauza kuti mwana wawo Kings angopita naye kunyumba, anakatulutsa thumba lija. Sankafuna kuti mwana wa kalipentala adzagone m'bokosi logula pamsewu, la matabwa aawisi. Sankafunanso kuti mwini wakeyo adziwe.

Sowo, puleni ndi tchizulo zinali psuu ndi dzimbiri. Anakwecha ndi mchenga mpaka zala kuchita matuza, dzimbiri osatheka.

Kings, amene asanadwale ankakonza magetsi a galimoto ku Biwi, ankaonerera ali gone pamphasa pakhonde.

"Ababa, mukufuna kupanga chiyani?"

"Chitseko. Cha kubafachi chatha."

"Ndiye mukuvutikiranji? Katengeni batire yanga ija pansi pa bedi."

Anawauza kuti athire madzi ndi soda m'chidebe cha pulasitiki, amizemo sowo ndi kachitsulo kotha ntchito.

"Waya wakuda ku sowo, wofiira ku kachitsuloko. Zisakhudzane. Mukasemphanitsa, idyeke ndi sowo yanuyo."

Mkuluyo anang'ung'udza kuti kuchotsa dzimbiri ndi madzi ndi misala yeniyeni, koma anamvera. Posakhalitsa madzi anayamba kuchita thovu, kenako anafiira ngati thobwa. Mawa lake sowo inatuluka ili bii, ndipo ataipukuta ndi burashi chitsulo chinayera. Kings anaseka mpaka kutsokomola, poona bambo ake ali kukamwa yasa. Kuseka kumeneko kunawapweteka Bambo Malizani kuposa kulira.

Batire ikatha ankakaitchajitsa, mpaka zida zonse zinayera. Kenako matabwa anafika pawilibala. Kings anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso chitseko cha kubafa. Chinali cha lata, ndipo chinalibe vuto lililonse.

"Ababa, bwerani ndi tepi yanuyo kuno."

Bambo ake anabwera, maso ali pansi.

"Chitseko chanucho muyezere pa ine," anatero Kings, akuwongola miyendo. "Mumaiwala kuti ndinakupitirirani msinkhu."

Bambo Malizani anagwada n'kuyamba kuyeza kuchokera kumapazi. Mbali ya kumutu, tepi anawagwirira ndi Kings.