Matumba Awiri ku Chanyanya

Chaka chomwe fakitale ina ya ku Kafue idachotsa anthu ntchito, Luckson adatsala ndi nyumba yodontha ndi galu wake Sitima, amene adamutola ku siteshoni ali kamwana.

Sitima anali ndi luso limodzi. Makondakitala a maminibasi, omwe adachuluka ngati nyerere zaka zimenezo, sankalola agalu. Choncho Luckson adamuphunzitsa kukhala phee m'thumba la feteleza mpaka atamva mluzu wake.

Luso limeneli ndilo lidakopa Benson, mkulu wina wa ku Lusaka amene adangogula kamera ya vidiyo n'kuyamba kuyenda ndi mapewa. Ankajambula filimu ya ufiti ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, ndipo m'filimumo galu wa mfiti amamangidwa m'thumba n'kuponyedwa mumtsinje. Njala ilibe manyazi, Luckson adavomera kubwereketsa galu.

"Osawopa, ba Luckson," adatero Benson m'Chinyanja cha ku Lusaka, akuloza matumba awiri. "Masaka ni yabili. Mu manzi muzangena ya myala chabe."

Adayamba ndi thumba la miyala. Lidagwa m'madzi kuti phava, ndipo atalivuula Benson adakwinya nkhope.

"Ichi chioneka chakufa kudala. Bantu sibazakhulupilila."

Mawu amenewo Luckson sadawakonde. Atajambula Sitima akulowetsedwa m'thumba, Benson adamuuza Luckson kuti akaime kuseri kwa mabango, ati chithunzithunzi chake chikuwononga filimu. Pobwerako adapeza thumba lina lili pamtunda, lina lili m'bwato lomwe linali litafika kale pakati pa Kafue.

"Wanu ni uyo," adatero Benson, akuloza la pamtunda, diso lili pa kamera. "Musayende pafupi, tikali kujambula."

Matumba onse anali ofanana, onse ali zii. Luckson adaliyang'anitsitsa la pamtundalo kuti aone ngati likupuma. Mwina linkapuma, mwina inali mphepo. M'bwatomo, wosewera wovala mkanjo woyera adanyamula thumba m'mwamba n'kudikira chizindikiro.

Luckson adaika zala m'kamwa, naimba mluzu.

Thumba la pamtunda silidagwedezeke. La m'bwato lidaphiriphitha, likulira mokondwa monga momwe Sitima ankachitira Luckson akafika kunyumba.

"Ndiye vamene nenzofuna," adatero Benson motsitsa mawu. Kenaka adakweza dzanja. "Ponya!"

Luckson adalowa m'madzi ndi nsapato zomwe, koma Kafue ndi wotambalala. Madzi atamufika m'khosi adaima, akuimbabe mluzu. Kumbuyo kwake kamera inkajambulabe.