Maginito a Ramla m'chitsime cha kwa Kalembo

Nkhani iyi anandiuza ndi a Zubairu, omata matayala a njinga pa Liwonde, tsiku lomwe tayala langa linaphulika ndikuchokera kwa Kawinga.

Kwa Kalembo kunali mayi wina, Ramla, amene mwana wake Zaina ankathothoka tsitsi, zikhadabo zikusweka ngati makoko a mtedza. Mbuzi za m'mudzimo nazo zinkatsimphina, ziboda zitang'ambika. Kunabwera a Lilian, ofufuza za madzi, anayeza chitsime n'kunena kuti muli mchere wina wotchedwa seleniyamu. Pang'ono thupi limaufuna, anatero, koma m'chitsime ichi wanyanya.

Anasiya botolo la ufa wakuda wachitsulo, wosalala kuposa mwaye, ndi maginito aakulu ngati njerwa. Ramla anagwira msanga kagwiritsidwe kake: supuni imodzi m'ndowa, kutakasa, kudikira, kenaka kugunditsa maginito m'mbali mwa ndowayo. Ufa wonse unkathamangira pomwepo utanyamula seleniyamu uja, madzi n'kutsala oyera. Botololo linali la nyumba zitatu za odwala, loti lifike miyezi iwiri mpaka a Lilian abwerenso. Maginito ankagona kwa Ramla, koma botolo, poti ndi katundu wa komiti, linkasungidwa kwa a Elliam, tcheya wa chitsime.

Lachinayi m'mawa Ramla anapita ndi supuni yake. Anapeza botolo lili pakhonde, lopanda kanthu.

"A tcheya, ufa uli kuti?"

"Ndathira m'chitsime dzulo. Wonse," anayankha a Elliam akumwetulira. "Tsopano achira mudzi wonse, osati nyumba zitatu zokha."

Ramla ananyamula botololo n'kusuzumiramo.

"Mwathira kuti?"

"Nanga nthawi ya kolera kolorini tinkathira kuti? Si m'chitsime? Ine ndakhala tcheya zaka khumi ndi ziwiri, mayi a Zaina."

"Zaka khumi ndi ziwiri, makutu mumangokolekamo cholembera! Kolorini amasungunuka. Uwu ndi wothira n'kuchotsanso! Tsiku lija a Lilian akufotokoza, inu munali kalikiliki kuyala mipando ndi kuloweza mawu othokoza alendo."

"Iyayi, musandilalatire pakhomo panga."

"Ndikulalatirani mpaka kutchalitchi kwanu! Walahi, mwana wanga amavala duku ngati wofedwa, anzake akumuseka kusukulu, inu n'kutaya mankhwala ake m'dzenje?"

Ramla anathamanga kunyumba, anakulunga maginito m'jumbo, n'kumangirira kuchingwe chotungira madzi. Anatsitsa m'chitsime, nakoka. Munatuluka misomali, chogwirira cha ndowa, kiyi wa loko wadzimbiri, ndi ufa wakuda utamera pajumbopo ngati ubweya wa mbuzi. Anaupalira m'mbale. Anatsitsanso. Dzuwa linafika paliwombo manja atachita matuza, koma m'mbalemo munali ufa wosadzaza n'kapu ya tiyi yomwe.

Anaimbira a Lilian. Iwo anamuuza kuti ufa umenewo wakhuta kale seleniyamu, ausunge potseka, asauthirenso m'madzi a mwana. Wina sungapezeke miyezi iwiriyo isanathe. Madzi omwe anawayeza n'kuwapeza abwino anali a pamjigo wa kumsewu, mtunda wa maola awiri wapansi.

Ramla sanalire. Anatenga zigubu ziwiri, nakaziponya pamapazi pa a Elliam, anthu akuonerera.

"Njinga muli nayo. M'mawa uliwonse zigubu izi zizifika pakhomo panga zodzaza. Tsiku lomwe mudzajombe, ndidzabwera naye Zaina, ndidzamuvule duku pamaso pa akazi anu ndi apongozi anu, mudzamufotokozere nokha za kolorini."

A Elliam anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe wowaikira kumbuyo. Anatola zigubuzo.

A Zubairu akuti bamboyo anapalasa miyezi iwiri yathunthu osajomba, mpaka timatsitsi ta Zaina titayamba kuphukira. Akuti umboni ali nawo, chifukwa tayala la njingayo ankamata ndi iwo.

Za ufa ndi maginito ndikuvomera. Koma kuchoka kwa Kalembo kufika pa Liwonde si pafupi poti munthu n'kukankha njinga yophulika, ndipo matcheya ndawaona ambiri m'maulendo anga. Ine ndikukayika. Ndikuganiza kuti sabata yachiwiri isanathe, zigubu zija zinali pamutu pa Ramla.