Makoko a Khola la Kumanja

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ku koleji ya zaulimi anali wosavuta kumva. Ndinagula anapiye a nkhuku za nyama makumi anayi, khola la kuseri kwa nyumba yathu n'kuligawa pakati ndi waya. Akumanja azidya chakudya cha m'thumba chosakaniza ndi ufa wa makoko a malalanje ndi nthochi, akumanzere azidya cha m'thumba chokhachokha. Pakatha masabata asanu ndi imodzi, ndione mbali yomwe yanenepa.

Makokowo ndinkakatola kwa mayi wogulitsa juwisi pa siteji ya basi. Kutsuka, kuyanika pa lata, kuthamanga nawo kukachita mdima wa mvula, kenako kusinja mpaka manja matuza okhaokha.

Poti masana ndinkakhala m'kalasi, ndinapempha bambo anga, omwe anali atangopuma pa ntchito ya ukalaliki, kuti aziwonjezera madzi m'zomwera.

"Madzi okha, Ababa."

"Ndamva, adokotala a nkhuku."

Loweruka lililonse ndinkayeza nkhuku imodziimodzi pa sikelo. Sabata yachitatu, mbali zonse kulemera kofanana. Yachinayi, chimodzimodzi. Ndinakabwereka sikelo ya wogulitsa nyama poganiza kuti yanga yafa, koma ayi ndithu. Chinanso, ufa wa makoko unkatha ngati ndikudyetsa ng'ombe.

Lachiwiri lina aphunzitsi sanabwere, ndiye ndinabwerera kunyumba cha m'ma leveni. Ndinapeza bambo atanyonyomala m'khola la kumanzere, chitini changa cha makoko chili m'manja, akuwaza ufa uku akuimba mluzu.

"Ababa! Mukutani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Ndikudyetsa ana."

"Amenewo sayenera kudya makoko!"

"Analakwa chiyani? Anzawo akudya zonunkhira, iwo azingosuzumira pa waya? Iwe ndi achimwene ako ndinakulerani choncho?"

"Ndi kafukufuku, Ababa. Mbali ina iyenera kukhala yosadya kuti tiyerekeze."

"Ndiye kusukuluko akukuphunzitsani tsankho."

Ndinafunsa kuti anayamba liti. Akuti tsiku lachitatu chibwerereni anapiyewo. Anawonjezera, ngati akundiuza nkhani yabwino, kuti tinkhuku tinayi tofooka ta kumanzere anatisamutsira kumanja, n'kubweza tina tinayi kuti chiwerengero chisasinthe.

"Zaka makumi atatu pa ukalaliki, ine sindisokoneza nambala."

Ndinangokhala pa thumba la utuchi, manja ali m'mutu. Amayi anatulukira ndi beseni la zochapa, n'kutiyang'ana tonse awiri.

"Ine ndinawauza," anatero.

"Amayi, inunso mumadziwa?"

"Ndinawauza kuti azithira pang'onopang'ono, ungazindikire."

M'mawa mwake ndinakafotokoza zonse kwa aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapukuta misozi anandiuza kuti manambala onse ndiwataye, ndiyambirenso ndi anapiye atsopano m'khola la pakoleji. Masabata ena asanu ndi imodzi otola makoko, anzanga akukapereka malipoti awo.

Nditafika kunyumba ndinapeza aneba atatu ataima pa khola, bambo atanyamula nkhuku yaikulu m'miyendo.

"Taikwezani muone kulemera kwake," ankatero. "Makoko amenewa. Watulukira ndi mwana wangayu."

"Ababa, palibe chimene ndatulukira. Sitikudziwa ngati ndi makoko."

"Ndi wodzichepetsa, watengera amake."

Aneba atapita, bambo ananditsatira kukhitchini, n'kutsokomola pang'ono.

"Anapiye atsopanowo akubwera liti?"

"Lolemba."

"Kukolejiko amalola alendo?"

"Salola."

"Ngakhale kholo?"

"Makamaka kholo, Ababa."