Tsiku Limene Mtsinje Unasamuka pa Nsenjere

1.
Mtsinje wasamuka.

Anatero Tionenji, ndowa yopanda madzi ili m'manja. Mayi ake, Nachisale, anali pakhonde akupeta mpunga.

Wasamuka bwanji? Mtsinje ndi munthu?

Tiyeni mukaone nokha, amayi. Padooko pangotsala mchenga.

Lichero linawapulumuka.

2.
Nsenjere ndi kamudzi kokhala pamene mtsinje umathira m'nyanja. Kum'mawa nyanja. Kumpoto mtsinje. Kumwera madimba a mpunga. Kumadzulo msewu umene umafa dzinja lililonse n'kudzuka mwezi wa Meyi. Nyumba makumi atatu. Migwalangwa. Tchalitchi chofolera udzu. Mjigo wakufa. Mabango, matope, udzudzu.

Kumpoto mtsinje: zinali choncho mpaka dzulo.

3.
Mvula inagwa kumapiri masiku anayi osapuma ndipo madzi anatsika ofiira atanyamula mitengo ndi mbuzi zakufa, atafika pokhotera paja kumtunda kwa mudzi anakana kukhota, anaboola gombe n'kudzikumbira njira yatsopano kudutsa m'dambo la eni ake n'kukagwera m'nyanja kutali uko kuseri kwa mikuyu, kusiya njira yakale ili yasa ngati m'kamwa mopanda mano, ndipo mudzi wonse unatsikiramo, akulu ndi ana, kuyenda ndi mapazi pamene makolo awo ankawoloka ndi bwato, kumangoyang'ana pansi

4.
Zimene mtsinje unasiya:
milamba yophupha m'zithaphwi
khasu lopanda mpini
ukonde wowola
mbale zitatu
chitseko cha nyumba ya munthu wosadziwika
njinga

Njinga. Gudumu limodzi lili kunja, kwinako mumchenga.

5.
Mudzi wonse unkadziwa za Jailosi, mwamuna wa Nachisale. Papita zaka khumi ndi chimodzi chichokereni. Anakwera njinga yake m'mawa wina wa dzinja, osabweranso.

Apita ku Mozambiki, kukagwira ganyu m'minda ya fodya. Ndi mmene Nachisale ankayankhira aliyense wofunsa.

Anthu anawonjezera zawo. Akuti anakwatirako. Akuti wina anamuona pamsika, atanenepa. Tionenji anakula akutukwana bambo ake mumtima. Nachisale anali mtengwa, kwawo kutali kumapiri, koma anakhalabe pamudzi wa mwamuna wake, kulima dimba la mwamunayo, kulera ana atatu.

6.
Dafuleni, mkulu wake wa Jailosi, anagwada pamchenga. Anagwira kaliyala wa njingayo n'kumusisita ndi chala.

Uyu ndinawotcherera ndine, anatero. Chinali chitsulo cha bedi la amayi.

Anayamba kufukula ndi manja. Amuna ena awiri anamuthandiza. Panatuluka chitsulo cha lamba. Kenako nthiti. Fupa la mwendo linali litapanika pakati pa sipoko.



Mtsinje wasamuka.

7.
Maliro anayambika pomwepo, pamchenga. Tionenji anadzigwetsa pansi.

Ababa anga, ndinkakunenani. Zaka zonsezi muli pompano, ine n'kumatunga madzi pamutu panu.

Dafuleni anadzuka, mchenga uli m'mawondo, n'kutembenukira kwa Nachisale.

Alamu, munati munthuyu anapita ku Mozambiki.

Ndinatero, alamu.

Ndiye sanawoloke n'komwe.

Sanawoloke.

Msozi sunatuluke. Nachisale anangoti chilili, maso ali panjinga. Amayi ena anamugwira m'mapewa. Musiyeni, anatero mmodzi, mutu waima, adzalira mawa.

Dafuleni anapukuta m'maso ndi malaya. Za dimba lija tidzakambirana tikaika mafupawa, anatero motsitsa mawu.

Dimbalo mwana wake Tionenji wakhala akulima nane, alamu, anayankha Nachisale. Pano ndi wamkulu. Mudzakambirana ndi iyeyo.

Dafuleni anamuyang'ana nthawi yaitali.

8.
M'mawa uja wa dzinja, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Nachisale ali m'mabango, akudula oti alukire mphasa, mwana wotsiriza ali kumbuyo. Akumuona Jailosi padooko. Bwato lili tsidya lina ndipo iye sakufuna kudikira. Akulowa m'madzi, njinga ili paphewa. Madzi m'chiuno. Madzi pachifuwa. Mchenga ukuthawa pansi pa mapazi ake. Dzanja likutuluka kamodzi.

Basi.

Akutsegula pakamwa kuti akuwe. Koma m'maso mwake mukubwera Nagama, mtengwa mnzake, amene sabata yatha yomweyi achibale a malemu mwamuna wake anamuperekeza mpaka pamsewu ndi mphika umodzi ndi ana anayi, dimba lake atagawana manda asanaume.

Dimba la munthu wamoyo salikhudza.

Akutseka pakamwa. Akumanga mabango ake mtolo. Akufika kunyumba, akusambitsa ana, akusesa pabwalo. Madzulo apongozi ake akufunsa kumene kuli Jailosi, ndipo iye akuyankha.

Maliro anawalira yekha chaka chimenecho, m'dimba, pakati pa mpunga wokhwima, tsiku ndi tsiku, mokweza mpaka mawu kusasa. Odutsa m'njira ankamutama. Mkazi uyu ngwakhama, ankatero, tamvani mmene akupirikitsira mbalame.