Mpweya wa Kanjiwa

Mpweya unali utatsala wa masekondi makumi anayi, ndipo ine ndinali ndikugunda khoma lomwelo kachitatu. Pakona ya sikirini kamzere kofiira kankaphethira. M'makutu mwanga munkamveka kupuma kwa munthu wobanika, ndipo kumbuyo kwanga, m'kakhonde ka mdima, akangaude achitsulo ankabwera miyendo ikulira tswe, tswe, tswe. Ndinadina batani lililonse limene chala chinapeza. Kamunthu kanga kanagwada, kanadzuka, kenako kanayamba kuvina. Kuvina, abale inu, imfa ili pamsana!

"Kanjiwa, ima pomwepo. Usathamange, ndafika."

Mawuwo anali okhuthala, ngati a munthu wolankhulira m'ndowa. Masewerawo amasintha mawu a aliyense kuti azimveka ngati akuchokera m'chisoti chagalasi, moti sungadziwe ngati ndi nkhalamba kapena mwana. Munthu wamtali wovala zoyera anatulukira pakona, anawombera akangaudewo mmodzimmodzi, kenako anasolola paipi pa thanki yake n'kuilumikiza ku yanga. Kamzere kofiira kaja kanasanduka kobiriwira. Ndinapeza kuti nanenso, pampando wanga weniweni, ndinali nditasiya kupuma.

Ndisanapitirire, ndinene kaye kuti ine si Kanjiwa. Ine ndine telala, mayi wamkulu wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo zala zanga zimadziwa singano ndi sizasi basi. Kanjiwa ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Dzinalo tinamupatsa ali khanda chifukwa cha kaliridwe kake, ndiye analitenga n'kulowa nalo m'masewera. Bambo ake amayendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu, amaoneka pakhomo kamodzi pamwezi. Tinkakhala awiri m'nyumba yam'mwamba ya zipinda ziwiri, chimodzi chogona, china chosokera. Pansi pathu panali shopu ya bambo wokonza mafoni, amene ana onse a mumsewu wathu ankamutchula kuti Ankolo a Mafoni. Ndi iwowo amene anatidzutsira laputopu yakale ya bambo a Kanjiwa, n'kuikamo masewerawo. "Bola azikhala m'nyumba kusiyana n'kumayendayenda," anatero, ndipo ine ndinawathokoza ndi manja awiri.

Chimene chinandilowetsa m'masewerawo ndi mahedifoni. Tsiku lina ndinapeza mwana atavala mahedifoni achikasu, atsopano, amene ine sindinagule.

"Awa achokera kuti?"

"Ndawina m'masewera, amayi. Ndawapeza pakhomo m'kabokosi."

"Masewerawo akulidziwa bwanji khomo lathu?"

Anangokweza mapewa. "Kaputeni wathu amatumizira aliyense wochita bwino. Inu simungazimvetse."

Kunena zoona sindinazimvetse, koma ndinadziwa kuti pali cholakwika. Kumuletsa kokha sikukanathandiza, chifukwa akanakasewerera kwa anzake, ndipo Kaputeniyo akanamupezabe. Ndinkafuna dzina la munthuyo. Mwayi wake, sabata imeneyo kusukulu kunali maphunziro owonjezera okonzekera mayeso, ana akuweruka folo koloko. Ndinauza mwana kuti laputopu ndaitsekera m'kabati mpaka mayeso atatha. Analira, anandinena kuti ndine wankhanza, koma ine sindinasinthe maganizo. Lolemba, nthawi ya fili koloko imene iye ankakonda kulowa, ndinachotsa phazi pa makina, ndinasuntha nsalu za eni ake, ndinavala mahedifoni achikasu aja n'kulowa m'dzina la mwana wanga. Kabatani ka maiki ndinakatseka, ndinalemba kuti pakhosi pandipweteka.

Ndivomere chinthu chimodzi chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero: malowo anali okongola. Nkhani yake ndi yakuti dziko lathu linauma, ndiye anthu otsala akuyenda m'chombo chachikulu pakati pa nyenyezi kusakasaka madzi. Aliyense ali ndi ntchito yake. Wina ndi dokotala, wina amakonza injini, ena amatsika pa miyezi yozizira kukaswa madzi oundana, akangaude aja akuwasaka. Anthu ake ndi enieni, okhala m'nyumba zawo m'mayiko osiyanasiyana, koma onse amakumana m'khonde limodzi, kuseka, kukangana, kunyamulana wina akavulala. Mwana wanga, amene kunyumba sangatsuke kapu osauzidwa katatu, kumeneko anali woyang'anira mathanki a mpweya a anthu khumi ndi awiri, ndipo ankamulemekeza. Nditalowa, mmodzi anafuula kuti, "Kanjiwa wabwera, tapulumuka!" Mtima wanga unanyada pang'ono, wopusawo.

Wovala zoyera uja ndiye anali Kaputeni. Atandipulumutsa kwa akangaude, sanandibwezere kwa anzathu aja. Anandilowetsa m'chikepe, tinakwera mpaka ku chipinda chake, chitseko n'kudzitseka chokha. Mawu a ena onse anazima. Khoma lonse lakutsogolo linali zenera, ndipo kunja kwake kunali chidziko chofiirira chozunguliridwa ndi mikombero, chikutembenuka pang'onopang'ono.

"Lero ukuyenda ngati woledzera," anatero akuseka. "Ukudwaladi. Mahedifoni aja akukukwana?"

Ndinalemba kuti eya.

"Amayi ako sanafunse zambiri?"

Ndinalemba kuti ayi.

"Mwana wabwino. Zathu ndi zathu, wamva? Akuluakulu amangowononga zinthu. Loweruka ndikuuza kuti ndine ndani, ndipo pali mphatso ina yoposa ija. Koma imeneyo uyenera kudzaitenga wekha."

Ndinavula mahedifoniwo ngati atentha. Madzulo ake ndinayang'ana mwana wanga akudya, msomali umodzi wopaka utoto wa pinki umene unali utayamba kusupuka. Ndinachita mantha, mantha enieni.

Mutu umodzi susenza denga. Lachiwiri m'mawa ndinatsika masitepe ndi foni yanga imene inali itayamba kuzima yokha, ndinakankha chitseko cha shopu, kabelu kake n'kulira. Ankolo a Mafoni anatuluka kuseri kwa katani yotchinga chipinda chawo chogwirira ntchito, magalasi ali pamphumi, kamwetulidwe kawo ka masiku onse kali pakamwa.

"Amayi atelala! Foni yadwalanso? Mumaigwetsa inu, musakane."

Ndinaseka mokakamiza, kenako ndinafunsa ngati zongocheza. "Ankolo, inu mumadziwa za makompyuta. Munthu amene akulankhula ndi mwana m'masewera aja, ungamudziwe bwanji kuti ndi ndani?"

Anatsegula foni yanga ndi kasikuludilaiva osandiyang'ana. "Aaa, zosatheka zimenezo. Mwina ali kutsidya kwa nyanja, mwina ndi kamwana kanzake. Chachitika n'chiyani kodi?"

"Palibe. Nkhawa za amayi basi."

"Musadzidwalitse. Za ana zimenezo. Foniyi isiyeni, Lachinayi ikhala itachira. Mudzangotuma mwana adzaitenge pochokera kusukulu."

Ndinakwera masitepe mtima utatsikako. Ndinalowanso m'masewera tsiku limenelo, ndi Lachitatu lomwe. Ndinaphunzira kuthamanga, kutsegula zitseko, ngakhale kusintha thanki ya munthu wina akangaude ali pafupi. Kaputeni anali wochenjera ngati njoka. Sanatchule dzina, sanatchule mzinda, ankangofunsa. Bambo ako abwera liti? Amayi ako amapita liti kukagula nsalu? Ndinkayankha mabodza.

Lachinayi m'mawa ndinauza mwana kuti pobwera adutsire kwa Ankolo akatenge foni yanga. Ndinamuuza ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Masana ake kunatentha, ndiye zenera la chipinda chosokera ndinalisiya lotsegula. Tinali m'chipinda cha Kaputeni chija, chidziko chofiirira chikutembenuka, iye akufotokoza za Loweruka. Mumsewu munadutsa kagalimoto ka anthu ogula zitsulo zakutha, kamene kamadutsa sabata iliyonse ndi chimkuzamawu chake. "Tikugula zitsulo! Mabatire akutha! Mafiriji owonongeka!" Ndinakamva pazenera, osalabadira. Kenako ndinakamvanso. Kachiwiriko sikanachokere pazenera. Kanachokera m'mahedifoni, kuseri kwa mawu a Kaputeni, mochedwerapo pang'ono, kokhuthala ngati ka m'ndowa. Zitsulo. Mabatire akutha.

Kutsidya kwa nyanja kuja kunali mumsewu wathu.

Ndinadziuza kuti msewu ndi wautali, nyumba ndi zambiri. Koma dzanja langa linali litagwira kale nsimbi imene inali pathebulo, yozizira, yolemera. Sindikudziwa chimene chinandiuza kutero. Ndinaikweza n'kuisiya igwe pasimenti, pafupi ndi phazi la makina.

Inalira kuti phuu pamapazi anga. Ndipo m'makutu mwanga, ngati chinthu chagwa padenga la chombo, inaliranso kuti phuu.

Kaputeni anasiya kulankhula. Kamunthu kake koyera kanangoima pazenera la nyenyezi, osagwedezeka. Ndinkamva kupuma kwake. Ndinkamva ngakhale kulira kwa mpando wake pamene anatsamira kumbuyo, ndipo ndinadziwa kuti akuyang'ana kudenga, pansi pa mapazi anga enieni.

"Ukudziwa, Kanjiwa," anatero pang'onopang'ono, "pali chinthu chakhala chikundidabwitsa. Zaka zinayi makina aja akulira pamwamba pa mutu wanga, m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale iwe ukamasewera, amalira. Koma sabata ino, ukangolowa, makina amakhala chete. Ukatuluka, ayambanso."

Ndinachotsa manja pa laputopu.

"Mwaswera bwanji, amayi atelala?"

Mayo ine! Ndinafuna kuimba foni, koma foni yanga inali m'manja mwake. Maso anga anapita pa wotchi yakukhoma imene ndimayang'anira nthawi ya makasitomala. Folo koloko inali itadutsa ndi mphindi khumi. Pomwepo, m'mahedifoni achikasu aja, kabelu ka pachitseko cha shopu kanalira. Kenako kunabwera mawu aang'ono, opotozedwa ndi makina a masewerawo mpaka kumveka ngati a chidole chachitsulo, koma mawu oti ndingawadziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Odi, Ankolo! Amayi akuti ndidzatenge foni."

"Lowa, mwanangu," anatero iye, ndipo sanatseke maiki. Ankafuna kuti ndimve, kapena anaiwala, sindidzadziwa. "Ili kuno kuseri. Bwera udzaone china chake."

Masitepe athu ndi makumi awiri ndi awiri. Sindikukumbukira ngakhale imodzi. Ndikukumbukira chingwe cha mahedifoni chikuduka pakhosi panga, laputopu ikugwa kumbuyo, sizasi yaikulu yodulira nsalu ili m'dzanja langa, mapazi opanda nsapato. Ndikukumbukira kuti ndinkakuwa, koma osati mawu a Chichewa kapena chilankhulo chilichonse. Mayi wogulitsa zipatso pakona akuti anaganiza kuti nyumba yapsa, n'chifukwa chake anathamangira kumbuyo kwanga pamodzi ndi amuna awiri a pa shopu ya matayala.

Ndinakankha chitseko mpaka kabelu kanathothoka. Mwana wanga anali ataima pa katani, chikwama cha mabuku chili kumsana, phazi limodzi lili kale m'kati. Bamboyo anali atagwira kataniyo m'mwamba ndi dzanja limodzi, linalo lili paphewa pake. Ndinamukoka mwanayo pamkono mwamphamvu moti zala zanga zinasiya zipsera zimene zinakhala sabata yathunthu.

"Amayi, mukundipweteka! Mwapenga kodi?"

"Khala kumbuyo kwanga."

"Amayi atelala," anatero bamboyo, kamwetulidwe kaja kakadali pamalo pake, "bwanji ndi sizasi? Mwana wangobwera kudzatenga foni. Si inu nomwe mwamutuma?"

Mahedifoni ake anali akadali pakhosi. Ndinagwira kataniyo n'kuikoka mpaka inazuka ndi misomali yake yomwe.

Za apolisi, za kusamuka kwathu, za miyezi imene mwana wanga sanandilankhule bwinobwino chifukwa cha manyazi ndi mkwiyo, zonsezo zinabwera pambuyo pake. Chimene ndimaona ndikatseka maso ndi chipinda chija. Pathebulo, pakati pa mafoni ong'ambulidwa, panali sikirini yaikulu. Pasikirinipo, kamunthu ka Kanjiwa kanali kataima pomwe ndinakasiya, pazenera la nyenyezi, paipi ya mpweya ya Kaputeni ikadali yolumikizidwa ku thanki yake. Mwana wanga anasuzumira pambali pa mkono wanga, anaona, ndipo ndinamva thupi lake likuuma.

Mayi wa zipatso uja ndiye anayamba kuona shelefu. Pamwamba pa sikirini panali timabokosi tinayi ta mahedifoni achikasu, tosatsegula, tondandalikidwa bwinobwino ngati m'sitolo. Titatu tinalibe cholembedwa. Koyambako kanali katamatidwa kale kapepala, ndipo mayiyo anayandikira, anatsinzinira kuti awerenge. Dengu la malalanje linachoka m'manja mwake.

Linali dzina la mwana wake.