Kulira Kwachiwiri kwa Foni

Abambo anga, Che Swaibu, akati ayi ndi ayi, ngakhale mutawagwadira. Ali ndi kashopu ka mabulangete ku Marabastad, mumzinda wa Pretoria, ndipo amakhalamo okha tsiku lonse ndi matenda awo a shuga. Ine ndimagwira ntchito zapakhomo ku Pretoria North, kutali ndi iwo, ndiye mtima wanga sunkakhala m'malo.

Akuba atathyola shopu ina mumsewu womwewo, ndinapeza podzera. Ndinaitana Geofrey, katswiri woika makamera wa ku Mamelodi, amene agogo ake anachoka ku Ntcheu kalekale. Chichewa chake chimatsimphina, koma ntchito amaidziwa. Abambo ndinawauza kuti makamerawo ndi oonera akuba. Chenicheni n'chakuti ndinkafuna kumaona iwowo.

Kamera ya pakhomo anailola, ya pakauntala anailolanso. Koma Geofrey atanyamula makwerero kulowera kuchipinda cha katundu, kumene abambo amayala mkeka poswali, anamuimitsa.

"Umu ayi. Swala si filimu yoti mwana wanga azionera pafoni."

Ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti chipindacho ndi chomwe amadzitsekeramo okha, koma zinangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Geofrey anatisiya tikangane mpaka titatopa, kenaka anatulutsa m'chikwama kamaginito ka tizidutswa tiwiri. Kena anakamata pachitseko, kena pafelemu, n'kukoka waya mpaka kuseri kwa bokosi lojambulira, pamalo polumikizira alamu. Anafotokoza kuti kameneka sikaona munthu. Chitseko chikatseguka, tizidutswato timasiyana, bokosi limalemba nthawi yake pamndandanda wa zochitika, foni yanga n'kulira kamodzi. Sailini anaizimitsa kuti isamasokoneze swala.

Bokosilo linkafuna dzina la alamuyo, ndipo Geofrey anafunsa abambo choti alembe. Iwo anayankha mondiyang'ana m'mbali kuti alembe "Osandilonda". Analembadi zomwezo, uku akudziletsa kuseka.

Kuyambira pamenepo foni yanga inkandinyoza tsiku lililonse. Abambo akalowa kukaswali masana, inkalira n'kulemba kuti Osandilonda. Akamatuluka, inkaliranso. Sindinauze munthu, koma ikalira koyamba ndinkasiya chimene ndikuchita, n'kuima chilili mpaka ilire kachiwiri.

Ramadani itakwana, adokotala anawaletsa abambo kufunga, kusala kudya kuja. Kwa ine analumbira kuti akudya, chonsecho akunama ngati mwana wakuba shuga.

Tsiku lina ndikusita zovala, foni inalira koyamba. Ndinaimika simbi n'kudikira. Kulira kwachiwiri sikunabwere. Ndinatsegula mndandanda pafoni, ndipo munali mzere umodzi wokha, wolowa. Pakamera ya pakauntala ndinaona kasitomala ataima, akuyang'ana uku ndi uku, mpaka anatopa n'kutuluka. Ndinaimbira abambo, n'kuona foni yawo ikuwala payokha pambali pa thilu ya ndalama.

Ndinaimbira Boitumelo, mayi wogulitsa nsalu mushopu yoyandikana nayo. Iye anazengereza, poti amadziwa kuti mdala wa Chimalawi akamapemphera salowereredwa, ndiponso kuti pamkeka paja sapondapo ndi nsapato. Ndinamuuza kuti alowe ndi nsapato zomwezo, mlandu wake ndi wanga. Ndinamuona pakamera akudutsa kuseri kwa kauntala, ndipo apo m'pamene foni inalira kachiwiri.

Anawapeza atagwera chammbali pamkeka, thukuta lili kamukamu, akulephera kuyankhula. Anawapaka shuga m'kamwa n'kuitana ambulansi. Kuchipatala anatiuza kuti shuga wa m'thupi anali atatsikiratu, ndipo akanakhala mmenemo mpaka nthawi yotseka shopu, tikanakamba zotumiza maliro ku Mangochi.

Boitumelo ndinamukumbatira mpaka anadandaula nthiti. Geofrey ndinamuimbira ndikulira, n'kumuthokoza.

"Eish, sesi, ine ndinangomanga waya," anatero. "Mdala ali bwino? Basi, zikomo kwa Mulungu."

Munthu ameneyo ndidzamuthokoza mpaka kufa. Akanamvera ine, bwenzi abambo atazula kamerayo tsiku lomwelo. Akanamvera abambo okha, bwenzi ndili wamasiye.

Abambo atatsitsimuka bwino, ndinali nditakonzeka kuwakalipira za bodza lawo. Koma anandiyamba ndi funso. Anati foni imalira kangapo patsiku, ndipo ine ndimakhala pantchito ya eni ake, ndiye ndinazindikira bwanji kuti kulira kumodzi kwasowa? Ndinawauza zoona, kuti akalowa m'chipinda muja ine ndimaima, sindigwira kanthu mpaka atatuluka.

Anayang'ana kudenga. Kenaka anatambasula dzanja lomwe linali ndi diripi n'kugwira langa.

"Ndiye masiku onsewa, mwana wanga, timaswali awiri."